Kodi ndi Jik amene anandiswera dzino?

Funso: Chaka chatha dokotala anakana kundizula dzino lotafunira, nati angochotsa mtsempha n'kulimata. Akugwira ntchitoyo ndinkamva fungo la Jik m'kamwa. Mwezi watha ndikukukuta chimanga chokazinga, dzino lija linang'ambika pakati. Kodi si mankhwala aja analiwononga?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mphuno zanu sizinaname, mayi. Mankhwalawo ndi sodium hypochlorite, omwewo a mu Jik wochapira zovala. Henry Dakin anayamba kutsukira nawo mabala a asilikali mu 1915, ndipo lero madokotala a mano amawathira m'muzu wa dzino, mphamvu yake kuyambira 0.5 mpaka 6 peresenti. Mtsempha ukachoka mumatsalira tinyama takufa ndi tizilombo m'timakona tomwe chitsulo sichifika. Mankhwalawa amasungunula zonsezo. Koma musayese kuchukucha nawo m'kamwa kunyumba, amawotcha nkhama.

Kufooketsa dzino amafooketsadi. Pansi pa chikutiro choyera cha dzino pali gawo lotchedwa dentini. Pa magawo 100 a kulemera kwake, pafupifupi 70 ndi mchere wouma gwa, 20 ndi ulusi wa kolajeni, 10 ndi madzi. Ganizirani lintala ya nyumba: mcherewo ndi simenti, kolajeni ndi zitsulo za m'kati. Hypochlorite amadya zitsulozo, ndiye akakhala wamphamvu kwambiri kapena akakhalitsamo, dentini sachedwa kuthyoka. Palinso mankhwala achiwiri, EDTA wa 17 peresenti, otsuka phala lomwe limamatirira m'makoma dokotala akamapala muzu. Awa amadya simentiyo. N'chifukwa chake dokotala wosamala amawasiyamo mphindi imodzi yokha, chifukwa akapitirira, kenako n'kubwerezanso hypochlorite, khoma limakokoloka.

Komabe ine mlanduwu sindingaupereke kwa Jik. Amene amakhudzidwa ndi dentini woyandikana ndi ngalande ya muzu basi. Dzino lanu linafika kwa dokotala litadyeka kale, iye n'kulibowolanso pamwamba kuti afike pa mtsempha. Chinatsala ndi chigoba, ndipo chigoba chotafunira chimafuna kuvekedwa chipewa chomwe amati crown. M'kalata yanu simunachitchule. Ndikuganiza kuti munamatidwa n'kupita, ululu utatha nkhani n'kuthera pompo, mpaka tsiku la chimanga lija.

Bwererani kwa dokotala sabata ino. Ngati mng'alu wathera pamwamba pa nkhama, dzinolo likhoza kupulumuka. Ngati watsikira ku muzu, ndiye lozula basi.