Phunziro: Kodi mulu uliwonse wa miyala ndi manda?



Nyengo yososa ikafika timamva nkhani zotere: uje wapeza miyala ikuluikulu yosanjikizana m'munda mwake, ndiye akuti ndi manda a mfumu yakale, pansi pake pali chuma. Ena mundawo amayamba kuuopa, ena amapitako usiku ndi makasu. Nanga ife Asilamu titani?

Choyamba, tifufuze. Surat Al-Hujurat ndime 6 ikutilamula kutsimikiza nkhani tisanachitepo kanthu, ndipo Surat Al-Isra ndime 36 ikutiletsa kutsatira zomwe sitikuzidziwa. Miyala yambiri ya m'mapiri a kuno ku Mchinji inasanjikizana yokha. Dzuwa ndi mvula zimang'amba thanthwe, dothi nkukokoloka, miyala nkutsala itaberekana. Milu ina ing'onoing'ono anaunjika ndi alimi potola miyala m'munda.

Manda a miyala alipodi. Ku Senegal ndi ku Gambia kuli mabwalo a miyala yoimika opitirira 1,000, ndipo akatswiri atakumba ena mwa malowo anapeza mafupa a anthu. Umboni ndi mafupawo, osati kukula kwa mwala. Kuno kwathu, mu 1950 J. Desmond Clark anafukula mafupa pa phiri la Hora ku Mzimba, ndipo ena mwa iwo ndi a zaka pafupifupi 8,000. Anali kunsi kwa thanthwe lachilengedwe, losamangidwa ndi munthu.

Chachiwiri, kukayika si chilolezo chokumba. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa ngakhale kukhala pamwamba pa manda, ndipo anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa. Womwalira aliyense ndi wolemekezeka. Komanso khasu likasokoneza dothi, umboni wapita, sudzabweranso. Tikapeza mafupa, mapale kapena mikanda, tizisiye pomwepo, tidziwitse mfumu ndi boma, poti lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale.

Chachitatu, mwala supereka mwayi kapena tsoka. Kuuopa kapena kuupempha ndi khomo la shirk.

Ntchito ya sabata ino: funsani agogo za mwala kapena mulu wodziwika m'mudzi mwanu. Lembani padera zomwe anaona okha, padera zomwe anangomva, ndi dzina la amene anawauza. Umu ndi momwe akatswiri a Hadith ankayezera nkhani.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.