Phunziro la Mwezi Uno: Za Mbale Amene Anamcotsa Cikhodzodzo

Abale a ku Manjawira ndi a m'midzi yonse ya ku Ntcheu, phunziro lathu mwezi uno linena za ciwalo cimene anthu acita manyazi kucichula pabwalo. Koma popeza manyaziwo atsekera odwala m'nyumba, tiyenera kunena poyera.

1. Kumene icokera nthendayi

Impso ziwiri zisefa mwazi usana ndi usiku, ndipo mkodzo utsika m'timipope tiwiri kulowa m'cikhodzodzo, m'mene usungika kufikira munthu afuna kutaya madzi. Cotupa coipa, ca nthenda ya khansa, cikhoza kumera m'menemo. Ku Ulaya cimera makamaka mwa osuta fodya. Kuno kwathu kawirikawiri citsata likodzo. Nyongolotsi za likodzo anaziona Theodor Bilharz ku Cairo caka ca 1851. Caka ca 1911 A. R. Ferguson, komweko ku Egypt, analemba kuti likodzo ndi khansa ya cikhodzodzo ziyendera pamodzi. Ndipo caka ca 1915 Robert Leiper anasonyeza kuti mbeu zace zikulira mu nkhono za m'madzi. Mazira a nyongolotsi atsakamira m'cikhodzodzo nacita zilonda, ndipo zilonda za zaka zambiri zikhoza kusanduka khansa. Cifukwa cace mnyamata wokodza mwazi tisamuyese kuti wakula. Wadwala, ndipo mankhwala ace a praziquantel awapatsa kucipatala. Wamkulu akaona mwazi mumkodzo, kungakhale kosapweteka, apite msanga osazengereza.

2. Nchito ya madotolo

Cotupa cikalowa m'mnofu wa cikhodzodzo, koma cisanafalikire m'thupi, madotolo akhoza kucotsa cikhodzodzo conse kuti apulumutse moyo. Nchito yotere siicitika pa cipatala ca kumudzi. Odwala awatumiza ku zipatala zazikuru, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe. Tsono mkodzo uturukira kuti? Njira yodziwika koposa anaifalitsa Eugene Bricker wa ku St. Louis caka ca 1950. Adula kacigawo ka thumbo laling'ono, kotalika ngati masentimita 15, nalumikizako timipope ta ku impso. Nsonga yace aiturutsira pamimba, ku dzanja lamanja, munsi pang'ono mwa mcombo. Kakhomo kameneka achula stoma. Nkofiira ndi konyowa ngati m'kamwa, ndipo sikamva kuwawa. Mkodzo udontha kosaleka, munthu sakhoza kuuletsa. Ndico cifukwa cace abvala thumba lomata pakhungu. Thumba lotere analiganizira mai wina wosamala odwala wa ku Denmark, Elise Sørensen, caka ca 1954, pocitira cifundo mbale wace amene anaopa kuturuka m'nyumba.

3. Makhalidwe ace atabwerako

Tisanamize wodwala kuti zonse zidzakhala monga kale. Miyezi yoyamba thupi liri lofoka, ndipo sayenera kusenza mtolo kapena ndowa yodzala, kuti pamimba pangaphulike cophuka. Adikire mau a dotolo. Mwamuna angapeze kuti mphamvu ya m'nyumba yacepa kapena yatha. Mkazi kawirikawiri amcotsanso ciberekero. Izi nzolemetsa mtima, ndipo okwatirana azinene okha awiri, nafunsenso kucipatala mopanda manyazi.

Koma zotsala nzambiri. Atacira, munthu adya nsima yace monga kale, asamba, alima, akwera njinga kunka kumsika, aphunzitsa kalasi, nayimba mu mpingo. Malamulo a thumba ngowerengeka. Alikhuthule lisanafike pakati, pakuti likalemera limatuka. Alisinthe pakapita masiku angapo, natsuke khungu ndi madzi oyera, naumitse bwino asanamate lina. Usiku alilumikize ku botolo lalikuru kuti agone tulo. Amwe madzi ambiri, ngati malita 2 pa tsiku. Wocepetsa madzi poopa kudzaza thumba adziitanira nthenda ya impso. Zoyera zonga mamina mumkodzo zisamuopse, zicokera m'kathumbo kaja. Koma thupi likatentha, m'nthiti mwa kumbuyo mukapweteka, mkodzo ukaleka kuturuka, kapena kakhomo kakada, anyamuke tsiku lomwelo.

4. Gawo la mpingo

Dotolo akatha nchito yace, yathu iyamba. Cimene cisautsa abale otere koposa mpeni ndico kusalidwa. Wina aopa kuti thumba lidzadontha pakati pa mapemphero. Wina amva anthu alikunong'ona kuti anamlodza, kapena kuti ali ndi pfungo. Nayamba kukhala yekha kuseri kwa nyumba. Tidziwe kuti khansa siipatsirana. Tikhoza kudya naye mbale imodzi, kumgwira dzanja, ndi kukhala naye pa gome la Mgonero wopanda coopsa.

Tikumbuke mkazi uja wa pa Marko 5, amene anadwala nthenda yakukha mwazi zaka 12, natha cuma cace conse kwa asing'anga. Mwa cilamulo anali wodetsedwa, ndipo anadza mobisala kumbuyo. Ambuye sanamlola acoke mobisala momwemo. Anamuitana pamaso pa khamu, namchula mwana wace. Potero anamcizanso manyazi. Ife sitikhoza kubwezera munthu cikhodzodzo, koma malo ace pakati pathu tikhoza kumbwezera.

Tsono ticite izi. Akulu a mpingo akamceze asanawaitane. A cigwirizano ca amai amtungire madzi ndi kumtolera nkhuni miyezi yoyambayo. Anyamata amlimire munda caka cimeneco, kuti njala ingatsate nthenda. Matumba sapezeka m'masitolo a kumudzi, ndipo ulendo wokawatenga ufuna ndalama. Atumiki akumbuke ici pogawa zopereka za aumphawi. Ndipo pokhala m'nyumba ya Mulungu timsiyire malo pafupi ndi khomo, kuti akafuna kuturuka aturuke wopanda womyang'anitsa. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Mafunso a m'kalasi

1. Kodi likodzo lilowa bwanji m'thupi, ndipo ana athu asamba m'madzi otani?
2. Chulani zizindikilo zinai zofuna kuti wobvala thumba afulumire kucipatala.
3. Ndani m'mudzi mwathu analeka kudza ku mapemphero cifukwa ca nthenda yamanyazi, ndipo adzamcezera ndani sabata lino?