Makalata a Omvera: Chingerezi cha Nkhani Zopeka Chimakulira Kwanu Komweko

Makalata atatu amene ndasankha lero akukhudza nkhani imodzi ngakhale eni ake sadziwana, ndiye ndiwayankha motsatizana. Yoyamba yachokera ku Wenya m'boma la Chitipa, kwa mphunzitsi wachinyamata wa kupulayimale. Akuti: "Ndimalemba nkhani zopeka m'Chingerezi, koma ndikamaziwerenga zimamveka ngati chimangirizo cha mayeso a Fomu 4. Kwathu timalankhula Chitumbuka, Chichewa ndinachidziwira kusukulu, Chingerezi n'chachitatu. Mabuku kuno ndi osowa. Ndiloweze mawu ochuluka bwanji a m'dikishonale kuti ndizilemba ngati mwini chilankhulo?"

Aphunzitsi, dikishonaleyo isungeni, koma vuto lanu silili m'menemo. Nkhani zambiri za olemba oyamba kumene zimafooka chifukwa mwini wake wasiya zimene akuzidziwa n'kukabwereka za ena: mnyamata wa galimoto yapamwamba, hotela ya mumzinda umene wolembayo sanapondemo, chikondi cha m'mafilimu. Munthu akamalemba zimene sanazione, ngakhale ziganizo amachita kubwereka, chifukwa alibe china choyezera ngati mawuwo akunena zoona. Umboni uli kwanu komweko. Malemu a Legson Kayira anabadwira m'mudzi wa Mpale, dera lanu lomwelo, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. M'chaka cha 1958 ananyamuka wapansi kukafuna maphunziro ku America, atanyamula mabuku awiri okha, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Anadzera ku Kampala mpaka ku Khartoum, ndipo mu 1960 anafika ku Skagit Valley College, kenako University of Washington ku Seattle, kenako Cambridge ku England. Ulendowu anaulemba m'buku la I Will Try la mu 1965. Koma taonani zimene anachita atayamba nkhani zopeka. Munthu woti wakhala ku Seattle ndi ku Cambridge akanatha kulemba za misewu ya kumeneko, koma The Looming Shadow ya mu 1967 ndi nkhani ya mkangano wa m'mudzi woganizirana ufiti, ndipo Jingala ya mu 1969 ndi ya nkhalamba yomwe kale inkatolera msonkho, imene ikulimbana ndi mwana wake wofuna kukhala wansembe. Ziganizo zake n'zosavuta, zopanda mawu oopsezera owerenga. Chingerezi anakachinola kunja, koma chonena anachitenga ku Chitipa.

Pali chifukwa chimene kulemba za kwanu kumakulitsira Chingerezi. Mukafuna kufotokoza mayi akupeta mawere pabwalo, kapena mmene nkhungu imatsikira kuchokera kumapiri a Mafinga m'mawa wa mwezi wa June, simupeza chiganizo chopangidwa kale m'mabuku a ku London. Mukakamizika kufufuza mneni woyenera, kuyesa atatu kapena anayi, n'kutaya amene sakugwirizana ndi zimene maso anu anaona. Mawu opezeka motero saiwalika, pamene oloweza pamndandanda amatuluka m'nkhani ngati suti yobwereka pa ukwati. Za kusowa kwa mabuku ndikuvomereza, ndipo sindinena kuti umphawi wa mabuku ndi dalitso. Komabe buku limodzi labwino lowerengedwa katatu limaphunzitsa kuposa khumi ongothamangitsa. Ulendo woyamba werengani kuti mumve nkhani. Wachiwiri werengani mokweza, khutu limve pamene chiganizo chapumira. Wachitatu koperani tsamba limodzi pamanja, mukudzifunsa chifukwa chake wolembayo wadula ndime apa osati apo.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Nthalire, ndipo akutsutsa kale zimene ndanenazi ngakhale sanazimve. Akuti anatumiza nkhani ya m'mudzi weniweni ku mpikisano wina, koma inabwezedwa chifukwa cha zolakwika za galamala. Akufunsa kuti: "Kodi kudziwa mudzi kuli ndi phindu lanji ngati akonzi akuima pa chiganizo choyamba?"

Mayi, mwanena zoona, ndipo mkonziyo sanakulakwireni. Koma zolakwika zathu sizibalalika ngati mchenga; ndi zamitundu yochepa, ndipo zimachokera ku kapangidwe ka zilankhulo zathu. Chitumbuka ndi Chichewa sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, n'chifukwa chake munthu amayamba ndi she n'kumaliza ndi he pa agogo omwewo. Tilibenso timawu a ndi the, ndiye timatisiya pofunika n'kutiika posafunika. Pokamba nthano timalumpha momasuka kuchoka ku zakale kubwera ku zatsopano, pamene Chingerezi cholembedwa chimafuna kuti nthawi ya aneni imene mwasankha muigwiritse mpaka kumapeto. Onjezanipo l ndi r, zimene pakamwa pathu zimasinthana. Mankhwala ake ndi kulekanitsa ntchito ziwiri. Polemba koyamba musaime kukonza kalikonse. Nkhaniyo igone sabata, kenako muiwerenge kanayi, ulendo uliwonse mukusaka cholakwika cha mtundu umodzi wokha. Joseph Conrad, wa ku Poland, anadziwa Chingerezi ali kale wamkulu, akugwira ntchito pa sitima zapamadzi, ndipo katchulidwe kake sikanawongoke moyo wake wonse, koma lero mabuku ake amaphunzitsidwa kwa Angerezi eni ake. Galamala imaphunzirika ndi khama.

Chovuta chenicheni, chimene buku la galamala silingakuthandizeni, ndi kulankhulitsa anthu a m'nkhani. Ife tili ndi iwe ndi inu, a ku Wenya ali ndi iwe ndi imwe, koma Chingerezi chili ndi you mmodzi yekha wa mfumu ndi wa mwana. Mtengwa akamalankhula ndi apongozi ake, ulemu wonse uli m'kalembo kamodzi ka mneni, ndipo mukangomasulira, ulemuwo umasowa, mtengwayo n'kumveka wamwano. Apa m'pamene luso limaonekera. Ulemu umene Chingerezi chakana kunyamula m'mawu muuike m'thupi: agwade patali, ayang'ane pansi, ayankhe mozungulira, asatchule dzina. Tsiku limene adzayankhe ali chiimire, wowerenga wa ku Lagos kapena ku Toronto adzadziwa yekha kuti pakhomopo pavuta. Ena amati njira ndi kusamutsa chiganizo cha kwathu liwu ndi liwu. Gabriel Okara wa ku Nigeria anayesa zimenezi mu The Voice ya mu 1964, kupinda Chingerezi kuti chitsate kayalidwe ka mawu ka Chiijaw. Linali khama lolemekezeka, koma ndi ochepa anamutsatira, chifukwa wowerenga amatopa. Chinua Achebe mu Things Fall Apart ya mu 1958 anasunga galamala ya Chingerezi ili yowongoka, n'kulowetsamo miyambi, kaganizidwe ndi mawu ena a Chiigbo osawamasulira. Ine ndili kumbali ya Achebe. Sima ikhale sima. Musaitche phala lolimba pofuna kusangalatsa mlendo. Chiganizo chionetse dzanja likutema ndi kususa, mlendoyo amva.

Kalata yachitatu yachokera ku Johannesburg, kwa bambo wa ku Chisenga amene akugwira ntchito kumeneko. Funso lawo ndi lakuthwa: "N'chifukwa chiyani tikuvutikira chilankhulo cha atsamunda m'malo molemba m'chathu?"

Bambo, funsoli si lachibwana. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya analifunsa mwamphamvu mu Decolonising the Mind ya mu 1986, ndipo iye anali atayamba kale kulemba nkhani zake m'Chigikuyu. Ndikugwirizana naye kuti chilankhulo chosalembedwa chimafota, ndipo ndingakondwe kuona nkhani zopeka za m'Chitumbuka, Chilambya, Chindali ndi Chisukwa zikuchuluka. Koma onani mmene Chitipa alili. Ndi boma la zilankhulo zambiri, moti wa ku Misuku ndi wa ku Wenya sanayamwe chilankhulo chimodzi. Chichewa chimene ndikulankhulachi chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya boma mpaka 1994, kotero kwa mwana wa ku Wenya Chichewa nachonso n'chophunzira. Iye akasankha Chingerezi sanathawe kwawo, bola ngati chimene akunyamula m'Chingerezimo ndi cha kwawo. A Stanley Onjezani Kenani anafika pamndandanda womaliza wa mpikisano wa Caine Prize kawiri, mu 2008 ndi mu 2012, ndi nkhani za anthu a m'midzi ya Malawi. Ndipo zilankhulo ziwirizi sizilimbana m'mutu mwa wolemba. Amene amatchera khutu agogo akamasimba, namva pamene amachedwetsa nkhani ndi pamene amaidula, ali kale ndi chimene sukulu zophunzitsa kulemba zimavutika kuphunzitsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti a Kayira, atalemba The Detainee mu 1974, nkhani yodzudzula ulamuliro wankhanza, anakhalabe kunja mpaka anamwalirira ku London mu 2012, ndipo ana ambiri a ku Wenya sanagwirepo buku lawo ngakhale limodzi.

Ndibwerere kwa aphunzitsi aja, chifukwa pali chimodzi chimene simungachite nokha. Wolemba saona zolakwa zake, poti amawerenga zimene ankafuna kunena osati zimene zili papepala. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa gulu la Writers' Group, lomwe linkakumana kuwerengerana zolemba ndi kudzudzulana poyera, ndipo a Jack Mapanje ndi ena ambiri anakulira m'menemo. Zimenezi sizifuna yunivesite. Pezani anzanu atatu, aphunzitsi kapena ophunzira a kusekondale, muzikumana Loweruka m'kalasi yopanda anthu. Nkhani yanu aiwerenge mokweza munthu wina, inu muli chete, ndipo paliponse pamene wapunthwa kapena wafunsa kuti akulankhula ndani, ikanipo chizindikiro. Mukaikonza kawiri, titumizireni masamba awiri oyamba, tidzawawerenge pa pulogalamu ino.