Alice Harris ndi chithunzi cha ku Baringa

Ana inu, lero tipita ku Congo, m'chaka cha 1904, kuti mumudziwe mayi wina dzina lake Alice Seeley Harris. Zithunzi zimene anajambula zili m'mabuku ambiri a mbiri yakale, koma dzina lake munthu amachita kulisakasaka.

Alice anabadwira ku England mu 1870. Anakwatiwa ndi John Harris mu 1898, ndipo chaka chomwecho ananyamuka kukagwira ntchito ya umishonale pansi pa bungwe la Congo Balolo Mission. Nthawi imeneyo Congo sinali m'manja mwa boma la Belgium. Kuyambira 1885 linali dziko la munthu mmodzi, Mfumu Leopold II, ndipo chimene ankafunako chinali mpira. Ku Ulaya matayala a njinga anali atagwira msika, pomwe wina mwa utomoni wake unkachokera ku mitengo yoyanga ya m'nkhalango za Congo. Makampani monga ABIR ankaikira mudzi uliwonse muyeso woti upereke. Mukapereweza, alonda a kampani ankabwera ndi mfuti, kugwira amayi ngati chikole, kukwapula anthu ndi chikoti, kupha, ngakhale kudula manja.

Tsono mvetserani bwino apa. M'mwezi wa Meyi 1904, bambo wina wa m'mudzi wa Wala, dzina lake Nsala, anafika pa mishoni ya Baringa atanyamula kaphukusi ka masamba. Atamasula, munali dzanja ndi phazi la mwana wake wamkazi, Boali, wa zaka 5, amene alonda a ABIR anamupha. Alice anapempha bamboyo kuti akhale pakhonde, ziwalozo zili patsogolo pake, ndipo anajambula. Pachithunzipo Nsala sakuyang'ana kamera. Wakhala chammbali, maso ali pa zotsala za mwana wake, kumbuyo kwaima anthu ena ali chete.

Funso langa ndi ili: mwini chithunzichi ndani? Amene anadina kamera ndi Alice, zoona. Koma amene anayenda ulendo wonsewo atanyamula umboni, pofuna kuti dziko lione, ndi Nsala. Ine ndimawerenga mayina onse awiri, ndipo inunso polemba mayeso muzitchula onse.

Zithunzizi zinagwira ntchito chifukwa akuluakulu ankatha kukana mawu a mboni n'kunena kuti ndi mabodza a amishonale, koma dzanja la mwana looneka ndi maso linali lovuta kulikana. E. D. Morel ndi bungwe lake la Congo Reform Association, lomwe linayamba mu 1904, anazisindikiza m'mabuku awo, ndipo zina zinalowa m'kabuku ka Mark Twain kodzudzula Leopold ka mu 1905. Alice ndi mwamuna wake anazungulira Britain ndi America akuonetsa zithunzizo m'matchalitchi ndi m'maholo, pogwiritsa ntchito makina a nyale oponya chithunzi pansalu yoyera. Phokoso litakula, mu 1908 boma la Belgium linalanda Congo m'manja mwa mfumuyo.

Ulemu unapita kwa bambo. John analowa nyumba ya malamulo ya ku Britain, ndipo mu 1933 anapatsidwa udindo wa Sir. Zithunzi zambiri za Alice zinkatuluka zopanda dzina lake, zina anthu n'kumaziyesa za mwamunayo. Iye anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 100. Mu 2014 nyumba yosungira mbiri ya ukapolo ku Liverpool inachititsa chionetsero cha ntchito yake.

Sindikunena kuti panalibe chomudzudzula. Anthu ovulazidwawo ankaimikidwa pamaso pa kamera, nthawi zina atavekedwa nsalu yoyera kuti chilema chioneke bwino, ndipo matupi awo anaonetsedwa kwa makamu a azungu kumene eniake sanafikeko. Zimenezi zimandisautsa mtima, ngakhale ndikudziwa kuti zithunzizo zinathandiza kupulumutsa anthu.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife a kuno. Njira ya pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi inkadutsa akapolo, n'chifukwa chake Fort Lister inamangidwa pamenepo mu 1893. Makolo a ambiri mwa inu, Alomwe, anathawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi ku Mozambique n'kudzagweranso m'thangata la m'maesiteti. Mavuto amenewo timawamva kwambiri m'kamwa mwa agogo ndi m'malipoti amene atsamunda analemba okha.

Ntchito yokachita kunyumba nayi. Funsani akuluakulu ngati akusunga chithunzi chilichonse cha Napolo wa pa 10 Malichi 1991, kapena cha namondwe Freddy wa mu 2023. Mwini wake akalola, lembani m'kope mwanu malo, chaka, mayina a anthu ali pachithunzipo, ndi dzina la amene anajambula. Makopewo ndiwalandira Lolemba.