Mowa wa pampikisano ndi ulendo wake

Ophunzira anga, lero tikambe za zimene zimachitikira mowa kuyambira tsiku limene wathiridwa m'botolo mpaka pamene wafika pa lilime la woweruza. Ku America kufulula mowa pakhomo kunaloledwa ndi lamulo limene Pulezidenti Jimmy Carter anasaina mu 1978. Chaka chomwecho Charlie Papazian ndi Charlie Matzen anayambitsa American Homebrewers Association ku Boulder, ndipo mu 1979 anachititsa mpikisano wawo woyamba. Oweruza ambiri amayesedwa ndi bungwe la BJCP, limene linayamba mu 1985. Iwowa amapereka malikisi pa chimene apeza m'tambula tsiku limenelo basi. Kuti mowawo unali wokoma mwezi watha, alibe nazo ntchito.

Tiyambe ndi kuwala. Mowa wa ku America amauthira maluwa a chomera chotchedwa hops, amene amaupatsa kuwawa ndi fungo. Dzuwa likalowa m'botolo, limaswa zinthu zowawazo, ndipo zidutswa zake zimagwirana ndi salufa wa mumowa. Chotuluka pamenepo chimanunkha ngati kanyimbi, ndipo mphuno ya munthu imachimva ngakhale chitachepa motani. Pa dzuwa lamphamvu izi zimachitika pa mphindi zochepa chabe. N'chifukwa chake mabotolo a pampikisano amakhala abulauni. Obiriwira ndi oonekera mkati amalowetsa kuwala kwambiri.

Chimene ndikufuna mumvetse bwino ndi nkhani ya mpweya ndi kutentha, pakuti ziwirizi zimathandizana. Okosijeni akalowa pothira mowa, amayamba kudya fungo la hops pang'onopang'ono, mtundu wa mowa umadera, kenako kukoma kumasanduka kwa katoni yonyowa. Pozizira zimenezi zimachedwa. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro lake limawirikiza kawiri kapena kuposa. Taganizirani tsono bokosi logona masiku atatu m'lole pa nthawi yotentha. Wofulula wosamala amathira mowa mwakachetechete kuyambira pansi pa botolo, osauchititsa thovu lambiri, nasiya kampata kakang'ono pakhosi, n'kutseka msanga.

Ambiri amathira shuga pang'ono potseka kuti yisiti apange mpweya wa thovu m'botolo momwemo. Izi zimafuna pafupifupi milungu iwiri pa madigiri 20, kenako mowa ulowe m'furiji. Koma apa pali ngozi. Inu mukudziwa kuti masese amapitiriza kuwira atagulitsidwa kale, n'chifukwa chake katoni ya Chibuku ili ndi kabowo kotulukira mpweya. Botolo lagalasi lilibe kabowo. Ngati mowa watsekeredwa usanathe kuwira, umafufuma potsekula kapena botolo limaphulika panjira, n'kunyowetsa mowa wa anthu ena. Ine ndimaona kuti kufulumira kutseka pofuna kupeza tsiku la mpikisano ndi kulakwa kwakukulu kuposa kwina kulikonse pa ntchitoyi.

Si mowa uliwonse umene umadana ndi kukhalitsa. Mowa wa mtundu wa IPA umafunika upite udakali watsopano, pamene mowa waukali ngati barleywine umakoma ukagona miyezi ingapo. Choncho wofulula amayamba wawerenga masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku loweruza, kenako n'kudziwa loyatsa moto.

Botolo lisakhale ndi dzina kapena chizindikiro choulula mwini wake, kuti oweruza asakondere. Kapepala kolembetsera amakamangirira ndi kamphira. Selotepi ndi guluu mipikisano yambiri imakana, poti kapepalako kamachotsedwa mowa usanapite kwa oweruza. Botolo lililonse lilowe m'kajumbo kakekake kotseka bwino, likulungidwe ndi zofewa, liime chilili, ndipo mabotolo asagundane. Mukagwedeza bokosi n'kumva kulira kwa galasi, masulani muyambirenso.

Positi ofesi ya ku America siilola kutumiza mowa, motero ambiri amakatula okha pa malo amene okonza mpikisano asankha, kapena amafunsa kaye malamulo a kampani yonyamula katundu. Amatumiza Lolemba kapena Lachiwiri kuti bokosi lisagone m'nyumba yosungira katundu Loweruka ndi Lamlungu. Lifike kudakali masiku, kuti yisiti amene wavunduka panjira adikhe pansi m'chipinda chozizira mowa usanatsanulidwe.