Mafuta Asalowe M'mapaipi

Lero tilankhule nanu a malesitilanti, okazinga chipisi ndi amakaniko a ku Vubwi, Katete ndi Sinda.

Mafuta akatsikira m'sinki amaoneka ngati madzi, koma akazizira amaundana m'paipi. Mawa lake paipi yatseka, madzi onunkha asefukira pakhomo, ntchentche zadzaza. Kuno ambiri timadalira septic tank ndi dzenje lomwetsa madzi, ndipo mafuta amamata dothi mpaka dzenjelo kuleka kumwa.

Mangani kathanki kotchera mafuta pakati pa sinki ndi dzenje. Mafuta amayandama pamwamba, nyenyeswa zimamira pansi, madzi n'kutulukira pa paipi yoloza m'munsi. Vundukulani sabata iliyonse, muwengule mafutawo. Poto mupukute kaye musanatsuke.

Inu a m'magalaji, oilo wakutha sungani m'mgolo wotseka. Musamutaye m'ngalande, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime.

Lamulo la Environmental Management Act la 2011, lomwe a bungwe loona za chilengedwe la ZEMA amayang'anira, limaletsa kuipitsa madzi. Musanamange kathanki kotchera mafuta kaja, kafunseni a zaumoyo ku khonsolo. Madzi amenewa ndi omwe ana athu amamwa.