Bambo anga akumanga katundu, ati akupita ku Ntcheu

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku St Mary's kuno ku Chitungwiza. Bambo anga adachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, nagwira ntchito m'mafamu a fodya kenaka m'mafakitale a ku Harare. Pano adutsa zaka 80, ndipo mayi adatisiya kalekale. Chishona chimene ankayankhula ngati mbadwa chayamba kuwathawa. Ana anga akawapatsa moni, iwo amayankha m'Chichewa chimene anawo sachimva. Dzuwa likapendeka amakulunga bulangete, kumanga ndi chingwe, ati akupita kwawo, amayi awo akuwadikira. Sabata yatha adapezeka mbandakucha ku Chigovanyika opanda nsapato, anthu atawazinga, ena akukuwa kuti mfiti ya ku Malawi yagwa. Amuna anga akuti tiwatumize kumudzi, achimwene akuti tipite kwa mneneri. Ine ndatopa, ndimawakalipira kenaka n'kukalira kuchipinda. Nditani?

Wothedwa nzeru, St Mary's

Mwana wanga,

Bambo ako si mfiti ndipo sakuchita dala. Zimene wafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatcha dementia. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo ambiri mwa iwo vuto lake ndi la Alzheimer. Ubongo ukayamba kuwonongeka, zimene munthu adaphunzira atakula ndizo zimayamba kufufutika, za paubwana n'kutsala. Chishona adachiphunzira pantchito, Chichewa adayamwira. N'chifukwa chake m'mutu mwawo amayi awo akadali moyo, ndipo St Mary's akuoneka ngati malo ogonapo alendo.

Izi si za Amalawi okha. Ku Chicago kudachitika kafukufuku wotchedwa PINE amene kuyambira 2011 ankatsata nkhalamba za ku China zoposa 3,000 zimene zidasamukira ku America, kuona momwe uchilendo, chiyankhulo ndi kusungulumwa zimakhudzira thanzi lawo, kuphatikizapo nzeru. Madokotala amene adalemba lipoti la Lancet mu 2024 adatchula zinthu 14 zimene zimakulitsa chiopsezo cha matendawa, ndipo zina mwa izo ndi kusapita patali ndi sukulu, BP, shuga, kugontha, kuvutika maganizo ndi kukhala wekhawekha. Ndikamaziwerenga ndimaona moyo wa machona athu. Adabwera pa malole a Ulere kapena wapansi, sukulu atailekezera panjira. Adatukwanidwa kuti mabwidi, anthu opanda mfunda. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa ambiri mwa ana awo alendo m'dziko limene adabadwira, mpaka malamulo a dziko a 2013 adakonzako. Lero anzawo amene ankacheza nawo pakhonde adatha, akazi adapita. Munthu wotere wasenza zambiri, ndipo zimandiwawa kuti paukalamba pake anthu amuzinge ndi miyala m'manja.

Choyamba apite kuchipatala, usachedwe. Yambira pa kiliniki yapafupi, upemphe kalata yopitira ku Chitungwiza Central Hospital. Awayeze BP, shuga, magazi, mkodzo ndi makutu, chifukwa nthenda ya m'chikhodzodzo, kuchepa kwa vitamini B12 kapena mankhwala ena amene akumwa zimatha kusokoneza mutu wa nkhalamba, ndipo zimenezo zimachizika. Upite nawo wekha ukamasulire. Akafunsidwa m'Chishona kapena m'Chingerezi adzaoneka odwala kuposa momwe alili. Ngati ndi dementia, mankhwala ochiziratu palibe, koma chisamaliro chabwino chimachepetsa mavuto. Ku Harare kuli bungwe la ZARDA lothandiza mabanja a odwala matendawa. Ukafunse za ilo kuchipatalako.

Za kumudzi ndikukana. Ntcheu amene bambo akufuna ndi wa zaka 60 zapitazo, ndipo palibe basi yodutsa ku Nyamapanda ndi ku Tete imene ingakawatsitse kumeneko. Akafika adzapeza adzukulu a abale awo amene sadawaonepo, ndipo kusintha malo kumawonjezera chisokonezo. Mawa lake adzamanganso bulangete lija. Amuna ako uwafotokozere mofatsa, mwina nawonso atopa ndi kusagona. Achimwene akowo akafuna mapemphero, apemphere pakhomo pomwepo, koma pasakhale womanga bambo zingwe, kuwasalitsa kudya kapena kuwaumiriza kuulula ufiti. Lamulo la Zimbabwe limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti popanda umboni, ndipo ukaona akuopsezedwa, pita kupolisi.

Chimene ndikufuna ugwiritsitse ndi ichi: yankhula nawo Chichewa, ngakhale chako chili chothyokathyoka. Ana aphunzire moni, aphunzire kunena kuti agogo nsima yapsa. Uwaitane ndi mfunda wawo. Akati amayi akundidikira, usawauze kuti adamwalira, chifukwa kwa iwo adzakhala maliro atsopano tsiku lililonse. Uwafunse kuti amayiwo ankaphika ndiwo zanji, ankalima kuti. Uwauze kuti kwada, mukambirana mawa, uwapatse tiyi ndi lichero la mtedza asende. Matendawa amakonda kuvuta madzulo, choncho nthawi imeneyo nyali ikhale yoyaka ndipo pakhale munthu pafupi. Ngati ndi a CCAP, Sinodi ya Harare idayamba chifukwa cha Amalawi ngati iwowa. Pempha akulu ampingo ndi amayi a chigwirizano azibwera kudzaimba nawo nyimbo za Chichewa. Nyimbo zimakhalitsa m'mutu ngakhale mayina a ana ataiwalika.

Sokerera kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala yako mkati mwa jekete. Uza aneba, amayi ogulitsa ku Chigovanyika ndi ku Huruyadzo, ngakhale anyamata oitanira makombi, kuti mkuluyu akudwala, akamuona akuimbire. Geti likhale ndi loko usiku, koma usawatsekere okha m'chipinda.

Kukalipa kwako ndi kutopa, mwana wanga, si nkhanza. Achimwene ako atenge masiku awo osamalira bambo, mulembe pakalendala aliyense aone. Mtima ukalemera, funsa pa kiliniki ngati pali agogo a Friendship Bench, ukakhale nawo pabenchi uwauze zonse. Mukabwerako kuchipatala undilemberenso, ndimve zimene adokotala apeza.

Azakhali